Maola a Ulonda: Mbiri ya Kukha kwa Mwazi mu Ubongo Pambuyo pa Mankhwala a Sitiroko

Mwa nthenda zonse zimene zimagwera munthu mosagogoda pakhomo, palibe imene yaphunzitsa madokotala kuwerenga nthawi monga yawaphunzitsira nthenda yofa ziwalo, imene masiku ano tonse tiitchula kuti sitiroko. Nthendayi ili pawiri. Pena mtsempha wa mu ubongo umaphulika, mwazi nukhuthukira m'kati mwa mutu. Koma kawirikawiri mtsemphawo suphulika ayi, umangotsekeka ndi magazi oundana, ndipo chigawo cha ubongo chimene chinali kudyera pa mtsempha umenewo chimayamba kufa ndi njala, munthu nagwa, mkono ndi mwendo zili lende, pakamwa patapotoka, mawu osamveka. Mtundu wachiwiriwu ndiwo uli ndi mankhwala osungunula chotsekacho, ndipo aliyense amene anamvapo za mankhwalawa anamvanso kuti ayenera kuperekedwa msanga, maola 4 ndi theka asanathe. Komatu ilipo nthawi ina imene sitchulidwa kawirikawiri kunja kwa zipupa za chipatala, ndiyo imene imayamba kuwerengedwa singano italowa kale. Pakuti mankhwala omwewo amene amatsegula mtsempha angathenso kusandutsa sitiroko yotseka kukhala yophulika, ndipo funso lakuti tsoka limeneli limafika ora liti lawatengera anthu anzeru zaka zoposa 60 kuti aliyankhe.

Kukha mwazi kumeneku sikunabadwe pamodzi ndi mankhwala. M'chaka cha 1951 madokotala awiri, C. Miller Fisher ndi Raymond Adams, atapenyetsetsa ubongo wa anthu ambiri amene anafa ndi sitiroko, anaona kuti mwa ena chigawo chakufacho chinali chotuwa, pamene mwa ena chinali cha mawanga ofiira. Ndipo potsata mitsempha anapeza kuti kumene kunali kofiirako, chotsekacho nthawi zambiri chinali chitasweka chokha ndi kusunthira patsogolo, magazi nabwerera m'timitsempha timene njala inali itatifooketsa. Mlimi aliyense wa kudimba adziwa chimene chimachitikira ngalande imene yakhalitsa yopanda madzi: dothi lake limang'aluka, ndipo tsiku limene madzi abwerera ndi mphamvu, sayenda m'njira yake yokha koma amatulukira m'ming'alu monse. Kukha kwachibadwa kotereku kumadza pang'onopang'ono, kuyambira masiku oyamba kufikira milungu iwiri, ndipo kambiri kumakhala kwa timadontho chabe, wodwala osamva kanthu. Koma chenjezo limene amuna awiriwa anasiyira obwera m'mbuyo mwao linali lolemera, lakuti kubwezera magazi ku ubongo wanjala ndiko kuchiza, ndipo ndikonso kungathe kupha. Walira mvula walira matope.

Mankhwala osungunulawo anali atapezeka kale zaka 18 m'mbuyomo. Mu 1933 William Tillett wa ku Johns Hopkins, mumzinda wa Baltimore, anaona kuti tizilombo ta mtundu wa streptococcus timatulutsa kanthu kosungunula magazi oundana a munthu, kamene pambuyo pake kanatchedwa streptokinase. Panapita nyengo yaitali kuti wina alimbe mtima kuyesa zotere pa ubongo. Mu 1958 madokotala Sussman ndi Fitch analemba za odwala 3 amene anawapatsa mankhwala a mtundu wofanana nawo; ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, John Stirling Meyer wa ku Detroit anasonkhanitsa odwala 73, nawapatsa onse mankhwala oletsa magazi kuundana, theka la iwo nalionjezeranso streptokinase. Amene anafa anachuluka kumbali ya olandira streptokinase. Sitiyenera kuwaweruza mouma mtima amuna amenewa, pakuti anali kugwira ntchito mumdima: analibe njira yodziwira bwinobwino ngati munthu wagona pamaso paoyo mtsempha wake watsekeka kapena waphulika kale, ndipo anali kupereka mankhwala ngakhale patapita masiku 3, ubongo utafa kalekale. Za nthawi ya kukha mwazi sakanatha kunena kanthu, popeza mwaziwo ankaupeza poyeza mtembo, ndipo mtembo umaonetsa kuti mwazi unakha koma sunena ora lake. Ena atayesanso urokinase ku St Louis m'zaka za m'ma 1970 n'kukumana ndi zomwezo, ambiri anagwirizana kuti njira imeneyi isiyidwe.

Mdimawo unayamba kuchoka pa 1 Okotobala 1971, tsiku limene makina a CT, opangidwa ndi Godfrey Hounsfield wa kampani ya EMI, anajambula koyamba m'kati mwa mutu wa munthu wamoyo pa chipatala cha Atkinson Morley ku London. Masamu a ntchito yomweyo anali atawalingalira payekha Allan Cormack, mbadwa ya ku Johannesburg, amene maganizowo anamdzera ali kuthandiza pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, ndipo awiriwa anagawana mphotho ya Nobel mu 1979. Pa chithunzi cha CT fupa la mutu limaoneka loyera, ubongo wotuwa, ndipo mwazi umene wangokha kumene umawala mbee pakati pa kutuwako, kotero kuti ngakhale wophunzira wa dzulo sangaulumphe. Chinthu chachikulu koposa n'chakuti munthu yemweyo angathe kujambulidwa m'mawa, najambulidwanso madzulo, najambulidwanso mawa lake. Kuyambira pamenepo dokotala anatha kunena kuti pa ora lakuti mwazi panalibe, pa ora lakuti ulipo.

Chimene chinatsala chinali kupeza mankhwala ofatsa kuposa streptokinase. Désiré Collen wa ku Leuven, m'dziko la Belgium, anapatula tPA, imene thupi la munthu limapanga lokha kuti lisungunule magazi oundana; kampani ya Genentech ku California inapeza njira yoipangira yambiri, imene inatchedwa alteplase, ndipo mu 1987 inaloledwa ku America pochiza nthenda ya mtima. Justin Zivin anali ataonetsa kale mu 1985, poyesa pa akalulu, kuti ingathe kupulumutsa ubongo ngati yaperekedwa msanga. Thomas Brott wa ku Cincinnati ndi Clarke Haley wa ku Virginia anayamba kuipereka kwa anthu mphindi 90 zisanathe, chinthu chimene anzao ambiri ankachiyesa chosatheka, nakweza muyeso pang'onopang'ono kufikira anaona pamene mwazi unayamba kukha. Ndipo muyeso umene unasankhidwa, mamiligalamu 0.9 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndiwo ukugwirabe ntchito m'maiko ambiri.

Zaka za 1995 ndi 1996 ndizo zinagamula mlandu. Akafukufuku atatu a streptokinase, MAST-E, MAST-I ndi ASK, ochitikira ku Ulaya ndi ku Australia, anaimitsidwa asanathe chifukwa cha kuchuluka kwa mwazi ndi imfa za m'masiku oyamba. Kafukufuku wa ECASS, amene anapereka alteplase yochulukirapo kufikira maola 6, sanakhutiritse. Koma mu Disembala 1995 panatuluka zotsatira za kafukufuku wa NINDS ku America, wa odwala 624 olandira mankhwala maola 3 asanathe. Ndipo ngakhale kuti odwala 6.4 pa 100 alionse anakha mwazi wowaipitsa, poyerekeza ndi 0.6 mwa amene sanalandire, patatha miyezi 3 ochira bwino anachuluka kumbali ya olandira, ndipo imfa sizinachuluke. Boma la America linavomereza mankhwalawa mu Juni 1996. Chimene tiyenera kuchigwira pano ndi malire amene ofufuzawo anadziikira: anati mwazi umene adzauwerengera mankhwala ndi wokha umene waoneka maola 36 asanathe. Malire amenewa anaikidwa poganizira, asanakhale ndi odwala okwanira oti awauze ngati alondola.

Wina angafunse kuti maola 36 n'ngachiyani, pamene alteplase siikhalitsa m'thupi. Munthu wolemera makilogalamu 70 amalandira mamiligalamu 63, gawo limodzi la magawo 10 pa jakisoni ya mphindi imodzi, yotsalayo m'dilipi ya ora limodzi. Ndipo chiwindi chimachotsa theka la mankhwalawa m'magazi pa mphindi ngati 5 zokha, kotero kuti dilipi ikatha, posakhalitsa amakhala atapita. Koma ntchito yao siipita nawo pamodzi. Amasiya atadya fibrinogen, ulusi umene thupi limalukira magazi kuti aundane, ndipo ulusiwu ungatenge tsiku lathunthu kapena kupitirira kuti ubwerere. Amadzutsanso m'zipupa za mitsempha zinthu zina zodya linga limene limalekanitsa magazi ndi ubongo, ndipo lingalo limafooka pa maola angapo, osati pa mphindi. Pachifukwa ichi panakhazikitsidwa malamulo a tsiku loyamba, amene chipatala chilichonse chopereka mankhwalawa chimawadziwa pamtima: bipi isapitirire 180 pa 105, wodwala asapatsidwe asipirini, heparin kapena china chilichonse chochepetsa kuundana kwa magazi kufikira maola 24 atakwana, mutu utajambulidwanso, ndipo wodwala ayesedwe mphindi 15 zilizonse kwa maola 2, mphindi 30 zilizonse kwa maola 6, kenaka ora lililonse kufikira tsiku litatha.

Mtolo wa malamulo amenewa unagwera namwino. Iye amafika pambali pa bedi ndi tochi ndi chopimira bipi, namdzutsa wodwala ngakhale ali m'tulo tokoma, namfunsa kuti mwezi uno ndi uti ndipo zaka zake n'zingati. Amamuuza atseke maso ndi kuwatsegulanso, aonetse mano, akweze mkono naugwire m'mwamba pamene iye awerenga kufika pa 10. Amawalitsa tochi kuona ngati ana a maso onse awiri alingana. Nalemba zonse, nachoka, nabweranso. Tikawerengetsa, amabwera maulendo 36 pa tsiku limodzi kwa munthu mmodzi. Chimene akusaka ndi mutu waukulu wobwera mwadzidzidzi, nseru, kusanza, bipi yokwera mosayembekezeka, mkono umene ora lapitalo unali kuima koma tsopano ukugwa, kapena kuodzera kosadzutsika. Akaona chimodzi mwa izi dilipi ikali kuyenda, amaitseka pomwepo, wodwala nathamangitsidwa ku CT. Abale amene aona munthu wao atayambanso kulankhula amafuna kuyimba lamya kumudzi kuti wachira, koma namwino wodziwa ntchito amakumbukira mawu a akulu akuti linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Zaka zotsatira zinatha ndi mkangano umene kwa munthu wakunja ungaoneke ngati wa mawu chabe, koma unali ndi mano. Gulu lililonse la ofufuza linaika malire akeake. A ECASS anagawa mwazi wa pa chithunzi m'magulu anayi, awiri a timadontho ndi awiri a mwazi wodikha pamodzi, napeza kuti gulu lotsiriza lokha, limene mwazi wake umadzaza koposa magawo 30 pa 100 a malo akufawo ndi kukankha ubongo wotsala, ndilo limaipitsadi wodwala. Ena anati awerenge mwazi uliwonse wodza ndi kuipa kulikonse. Ena anati pokhapokha wodwala atatsika ndi mapointi 4 pa muyeso wa NIHSS, umene amayezera kukula kwa sitiroko. Ena anawerenga kufikira maola 36, ena kufikira masiku 7. Zotsatira zake zinaoneka poyera mu 2007, pamene Nils Wahlgren wa ku Stockholm anatulutsa kaundula wa SITS-MOST wa odwala 6,483 a m'zipatala za ku Ulaya: mwa odwala omwewo, ndi zithunzi zomwezo, okha mwazi anali 1.7 pa 100 poyeza ndi lamulo lina, koma 7.3 pa 100 poyeza ndi linzake. Ine ndiona kuti aliyense womva chiwerengero cha ngozi imeneyi ayenera kufunsa kaye kuti anasiya kuwerenga ora liti, pakuti amene amatseka buku pa maola 36 saona za tsiku lachisanu, ndipo amene amalitseka pa masiku 7 amasenzetsa mankhwala mwazi wina umene ukanakha wokha monga anaonera Fisher ndi Adams. Akatswiri anakumana ku Heidelberg, natulutsa mu 2015 njira imodzi yogawira, koma malamulo akalewo akali m'mabuku.

Pakati pa mkanganowo panatuluka zinthu ziwiri zimene zinawongola maganizo. Kafukufuku wa ECASS III, wotsogozedwa ndi Werner Hacke mu 2008, atatambasula nthawi yoperekera mankhwala kufika maola 4 ndi theka, ambiri ankaganiza kuti kuchedwa kulikonse kumachulukitsa mwazi. Koma pamene Jonathan Emberson ndi anzake anaphatikiza mu 2014 odwala 6,756 a akafukufuku 9, anapeza kuti mwazi wakupha m'masiku 7 oyamba, umene unagwera 2.7 pa 100 mwa olandira ndi 0.4 mwa osalandira, sunasinthe kwenikweni ndi kufulumira kapena kuchedwa m'kati mwa maola oyesedwawo. Chimene chimatha ndi kuchedwa ndi phindu. Ngozi imangokhala pomwepo. Chachiwiri chinachokera ku Netherlands mu 2012, kumene kafukufuku wa ARTIS anayesa kupereka asipirini ya mumtsempha mphindi 90 zisanathe alteplase atayamba, poganiza kuti mtsempha usatsekekenso. Anaimitsidwa atafika odwala 642, popeza okha mwazi anakwera kuchoka pa 1.6 kufika pa 4.3 pa 100, wopanda phindu looneka. Lamulo la maola 24, limene linaikidwa mwa mantha, linapezeka kuti linali la nzeru.

Yankho lolunjika la funso la ora linadza mochedwa, chifukwa ngoziyi siigwera anthu ambiri pa chipatala chimodzi, ndipo mutu umodzi susenza denga. Mu 2015 Shadi Yaghi ndi anzake anaphatikiza zolembedwa za zipatala 10 za ku America, napeza odwala 128 amene anakha mwazi wowaipitsa mwa 3,894 olandira mankhwala. Atawandandika onse monga mwa nthawi, wa pakati penipeni mwazi wake unadziwika patapita mphindi 470 chiyambire mankhwala, ndiko kuti maola 8 osakwana pang'ono; oposa theka anafera m'chipatala, ndipo mwa mmodzi pa anayi alionse mwaziwo unapitirira kukula utadziwika kale. Mu 2018 a ku Johns Hopkins anaonjezera kuti mwa odwala ao, oposa 80 pa 100 alionse amene anakha mwazi anatero maola 12 asanathe. Tisaiwale kuti ora lolembedwa m'mabukuwa ndi limene mwazi unadziwika, osati limene unayamba. Ndiye kuti chiyambi chenicheni chili m'mbuyo mwake, pafupi koposa ndi singano. Ndipo popeza mwazi umakulabe utadziwika, ora lililonse limene namwino waupeza msanga ndi ora loperekera cryoprecipitate, gawo la magazi opereka anthu lodzala ndi fibrinogen, kapena tranexamic acid pamene cryoprecipitate palibe, ndi kuitana dokotala wa opaleshoni ya mutu ngati kufunika.

Kudziwa kumeneku kwayamba kusintha kalondedwe. Ngati ngozi imaunjikana m'maola oyamba, ndipo imakonda odwala amene sitiroko yao ndi yaikulu, okalamba, a shuga wokwera ndi a bipi yosamvera, kodi n'koyenera kudzutsa ora lililonse usiku wonse munthu amene sitiroko yake ndi yaing'ono, pamene namwino yemweyo akufunika pa bedi lina? Kafukufuku wa OPTIMISTmain, wotsogozedwa ndi Craig Anderson, amene anatuluka mu 2025 atachitikira m'zipatala zoposa 100 za maiko 8, anasunga ulonda wa mphindi 15 kwa maola 2 oyamba, koma kwa odwala okhazikika a sitiroko yocheperapo anautalikitsa kukhala maola 2 alionse, kenaka maola 4 alionse. Ndipo zotsatira zao sizinasiyane kwenikweni ndi za olondedwa mwa kale. Kumbali ina, tenecteplase, imene kafukufuku wa AcT ku Canada anaonetsa mu 2022 kuti imagwira ntchito mofanana ndi alteplase ndi mwazi wofanananso, ikulanda malo m'zipatala zambiri chifukwa imaperekedwa pa jakisoni imodzi ya masekondi ochepa. Imapeputsa ntchito ndithu, makamaka posamutsa wodwala pa ambulansi. Koma ikalowa yalowa, palibe dilipi yoti namwino atseke, ndipo chotsala m'manja mwake ndi maso okha.

Mu 2019 bungwe la WHO linaika alteplase pa mndandanda wa mankhwala ofunika, ndipo maiko amene zipatala zao zili ndi anamwino ochepa ayamba kulingalira zogula. N'chinthu chabwino, pakuti mankhwalawa abwezera anthu ochuluka manja ao, miyendo yao ndi malilime ao. Koma mtengo wake weniweni suli pa botolo pokha. Chipatala chimene sichingathe kujambula mutu pakati pa usiku, chimene chilibe namwino woti akhale pafupi ndi wodwala maola 12 oyamba, ndiponso chimene nkhokwe yake ya magazi siingapereke kanthu msanga, chiyenera kuyamba chakonza zimenezo chisanayitanitse mankhwala. Ndipo inu amene tsiku lina mudzakhala pambali pa bedi kudikirira mbale wanu atalandira mankhwala otere, mukadzaona akusanza, akudandaula mutu, kapena akulephera kudzuka monga anadzukira ora lapitalo, itanani namwino nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche.